Run out kapena run out of? Momwe munganenere m'Chingerezi kuti chinthu chatha

Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, anamwino olemba malipoti a mankhwala, osunga katundu m'magolosale, ngakhalenso abale a ku Joni ofuna kulembera abwana awo uthenga pa WhatsApp, onsewa amabwera ndi funso limodzi: mafuta akatha ndilembe *the fuel has run out*, *the fuel has run out of*, kapena ndingoti *the fuel is finished* basi? Poti funsoli limangobwerabwera, yankho lake lonse ndaliika pano kuti aliyense azidziwerengera yekha.

*Run out* ali m'gulu la aneni amene aphunzitsi a Chingerezi amawatcha *phrasal verbs*. Uyu ndi mneni woyenda ndi kamawu kena kakang'ono monga *out*, *up*, *off* kapena *down*, ndipo awiriwo akaphatikizana amabala tanthauzo lina. *Run* payekha ndi kuthamanga, *out* ndi kunja, koma *run out* ndi kutha kwa chinthu chimene mumagwiritsa ntchito. Mukati mumasulire liwu lililonse palokha, musochera. Tsatani ndondomekoyi monga ndayiyalira. Gawo lachitatu ndalitalikitsa dala chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

1. Yambani mwadzifunsa kuti kutha kwake nkotani

M'Chichewa mneni woti kutha amasenza katundu wambiri. Timati msonkhano watha, nsapato yatha, ukwati watha, ntchito yatha, ufa watha. Chingerezi chili ndi mawu osiyana pa chilichonse mwa izi, ndipo *run out* ndi wa ufa uja. Amagwira ntchito pa chinthu chimene chinalipo, nkumatapidwa pang'onopang'ono mpaka osatsalako kanthu: chimanga, makala, sopo, mchere, petulo, ndalama, mayunitsi a magetsi, bandulo ya intaneti, inki, mankhwala. Amagwiranso pa zinthu zosakhudzika ndi manja zimene timaziona ngati zikutapidwa, monga nthawi, mwayi, kuleza mtima, nzeru ndi malo.

Msonkhano ukatha ndi *the meeting has ended* kapena *the meeting is over*. Nsapato yotha chifukwa chovalidwa ndi *worn out*. Ntchito yotha ndi *finished* kapena *done*. Mukakayikira, yesani kufunsa kuti "chatsala chochuluka bwanji?" Ngati funsoli likumveka pa chinthucho, *run out* akwanira. Pa ufa likumveka. Pa nsapato ayi.

2. Lowezani maonekedwe atatu a mneniyu

*Run* salandira *-ed*. Maonekedwe ake ndi *run*, *ran*, *run*, ndipo liwu loti *runned* kulibe. *Ran* amaima yekha, wopanda mneni womuthandiza: *The money ran out last week*. Pambuyo pa *has*, *have* ndi *had* pamabwera *run*. Pambuyo pa *did*, *will*, *can*, *may* ndi *to* pamabweranso *run*. Choncho *has ran out* ndi cholakwika, *did not ran out* nachonso ndi cholakwika. Eni chinenero ena pocheza mudzawamva akuti *we've ran out*, koma pa mayeso wochonga sangakusiyireni, ndipo paja satifiketi ya MSCE simupatsidwa ngati Chingerezi mwalephera.

Powonjezera *-ing* lembani *n* awiri: *running*. Mwininkhani akakhala mmodzi mu nthawi yatsopano, *s* apite pa mneni, osati pa kamawu kaja: *it runs out*, osati *it run outs*.

3. Sankhani mwininkhani musanalembe china chilichonse

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chingerezi chili ndi njira ziwiri zonenera kutha kumodzimodzi, ndipo chimene chimalamula ndi dzina limene mwaliika kumayambiriro kwa chiganizo.

Njira yoyamba: chinthu chothacho ndicho mwininkhani. Apa mumalemba *run out* basi, popanda *of*, ndipo pambuyo pake sipabwera dzina lina. *The sugar has run out.* Shuga watha. *Our money ran out.* Ndalama zathu zinatha. *Time is running out.* Nthawi ikutha.

Njira yachiwiri: mwininkhani ndi munthu, malo kapena chipangizo chimene chinali ndi chinthucho. Apa mumalemba *run out of*, kenako dzina la chinthu chothacho. *We have run out of sugar.* *The clinic ran out of gloves.* *The car has run out of fuel.*

Kwa zipangizo, Chichewa chathu chili kale ndi njira ziwiri zomwezi, kungoti sitizilabadira. Timati "mafuta atha m'galimoto", timatinso "galimoto yatha mafuta". Timati "moto watha m'foni", timatinso "foni yatha moto". Chiganizo choyamba pa awiri aliwonse ndi cha *run out*, chachiwiri ndi cha *run out of*. Mukagwira pamenepa, theka la vutoli lachoka.

Theka linalo lili pa anthu. Munthu ndalama zikamuthera sanena kuti "ndatha ndalama", chifukwa kutero nkuvomera kuti wazidya yekha. Amati "ndalama zandithera". Taonani chiganizochi bwinobwino: mwininkhani ndi ndalama, ndipo munthuyo wabisala mkati mwa mneni, mu ka *-ndi-* kaja. Wophunzira akamaganiza m'Chichewa nkumalemba m'Chingerezi, dzanja limathamangira kuyamba ndi *money*, kenako amasaka pomuika munthu uja, ndiye kumatuluka zinthu ngati *Money has run out of me* kapena *Money has run me out*. Zonse ziwiri nzolakwika. Chingerezi chimatembenuza chiganizocho: munthu amene wabisala mu mneni uja chimamutulutsa nkumuika patsogolo.

Chitani motere nthawi zonse mukakumana ndi *-thera*. Choyamba, pezani amene zamuthera: *-ndi-* ndi *I*, *-ti-* ndi *we*, *-ku-* ndi *you*, *-mu-* ndi *he* kapena *she*, *-wa-* ndi *they*. Chachiwiri, yambani chiganizo ndi iyeyo. Chachitatu, ikani *run out of*. Chachinayi, malizani ndi chinthu chothacho. "Ufa watithera" akhala *We have run out of flour*. "Nzeru zawathera" akhala *They have run out of ideas*. "Mayunitsi amuthera" akhala *She has run out of airtime* ngati ali a foni, kapena *She has run out of units* ngati ali a mita ya ESCOM.

Chenjerani ndi chiganizo ichi, chimene galamala yake ilibe vuto koma chimanena zina: *Fuel has run out of the car*. Mzungu akamva izi aganiza kuti thanki yabooka ndipo mafuta akudontha pansi, chifukwa apa *run out of* wabwerera ku tanthauzo lake lenileni la kuyenda kutuluka. Mukanena zimenezi kwa makaniko wa ku Johannesburg, alowa kunsi kwa galimoto kukasaka pobooka pamene inu mumangofuna chigubu cha malita asanu. Chimodzimodzi *Water ran out of the tank* ndi madzi kutayika kuchoka m'thanki, pamene *The tank ran out of water* ndi thanki kuuma.

Zolakwika zina zitatu zimachokera pamalo omwewa. China ndi kuiwala *of* pamene dzina likutsatira: *The shop has run out sugar*. China ndi kusiya *of* ali lende kumapeto: *The sugar has run out of*. Chachitatu nchobisika: wophunzira amaganiza kuti shuga sangachite kanthu payekha, ndiye amagwiritsa ntchito msintho wochitidwa nkulemba *The sugar was run out* kapena *The sugar is run out*. Pa tanthauzo la kutha kwa zinthu, mneniyu salola msintho umenewu. Mneni womuthandiza ndi *has* kapena *have*, osati *is* kapena *was*, pokhapokha pali *-ing*.

Pali malo amodzi pamene munthu ndi mwininkhani koma *of* palibe. Ndi pamene chinthucho chatchulidwa kale ndipo simukuchibwereza. Wogula akafunsa kuti *Do you have cooking oil?* wogulitsa amayankha kuti *Sorry, we've run out*. Akafuna kuika mlowam'malo, *of* amabwerera: *We've run out of it*. Lamulo lake ndi lomwe lija: dzina kapena mlowam'malo akatsatira, *of* akhalepo; pakapanda chotsatira, achoke.

Zipangizo zina zimene aliyense amadziwa chomwe chimatha mkati mwake zimaloledwa njira zonse ziwiri. *My pen has run out* ndi *My pen has run out of ink* zonse nzabwino. Koma pa makina osindikizira mu ofesi nenani chimene chatha, chifukwa akhoza kukhala mapepala kapena inki: *The printer has run out of paper*.

Chomaliza pano: mawu atatuwa sagawanika. Aneni ena a gulu lino amalola dzina kulowa pakati, monga *use the sugar up*. *Run out of* salola. Simungati *run sugar out of*.

4. Sankhani nthawi ya mneni molingana ndi zimene zatsala

Gawo ili si la mayeso okha. Pa ntchito, nthawi ya mneni ndi imene imauza wowerenga ngati athamange lero kapena akhoza kudikira Lolemba.

*We are running out of maize* ndi kuti chimanga chikadalipo koma chikupita kokatha. *We have run out of maize* ndi kuti chatheratu, ndipo pamene mukuyankhulapo palibe ngakhale njere. Namwino wa pa chipatala chaching'ono akalemba *we are running out of* pamene shelefu ili mbee, wolandira lipotilo aganiza kuti nthawi ikadalipo. Akalemba *we have run out of* pamene makatoni awiri akadali m'sitolo, tsiku lina akadzanena zoona sadzamukhulupirira.

*Ran out* amafuna nthawi yakale yotchulidwa kapena yodziwika: *yesterday*, *last month*, *in 2023*, *on the way to Mzuzu*. Musaphatikize *has run out* ndi mawu oterewa. *The gas has run out yesterday* ndi cholakwika. Lembani *The gas ran out yesterday*. Anthu a ku America amakonda kunena *We ran out of milk* pamene a ku Britain angati *We've run out of milk*, ndiye musadabwe mukaziona m'mafilimu. M'sukulu zathu timatsata Chingerezi cha ku Britain.

*Had run out* ndi wa chinthu chimene chinatha chinthu china chakale chisanachitike: *By the time we reached the pump, the diesel had run out*. Pamene tinkafika pa pampu, dizilo anali atatha kale.

*Runs out* ali ndi ntchito zitatu. Yoyamba ndi chizolowezi: *Our maize runs out in January every year*, zimene mabanja ambiri a kumudzi amazidziwa, poti miyezi ya Januwale mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka chimanga chatsopano chisanache. Yachiwiri ndi tsiku loikika kale: *My contract runs out in June*. Yachitatu ndi imene ambiri amaphonya: pambuyo pa *before*, *when*, *until*, *if* ndi *in case*, Chingerezi sichiika *will* ngakhale mukunena za mtsogolo. Lembani *Buy more units before they run out*, osati *before they will run out*. Chichewa chimati "asanathe", "akatha", "mpaka atatha", ndipo namonso mulibe *-dza-* wa mtsogolo, choncho tsatani khutu lanu la Chichewa pamenepa.

Polemba lipoti kapena uthenga wopempha katundu, mneniyu payekha sakwanira. Perekani zinthu zitatu: zimene zatsala, zimene mumagwiritsa ntchito pa tsiku, ndi tsiku limene zithere. Mwachitsanzo, kapitawo wa pa ntchito yomanga amene watsala ndi matumba 12 a simenti ndipo amaphwanya atatu pa tsiku alembe kuti: *We have 12 bags left and we use 3 a day, so we will run out in four days*. Onani ka *left* kaja, ndiko "otsala". Onaninso *in four days*, kutanthauza pakapita masiku anayi. Mukalemba *for four days* mwanena kuti mudzakhala masiku anayi opanda simenti, zomwe ndi nkhani ina. Ngati mukutchula tsiku, gwiritsani ntchito *by*: *We will have run out by Friday*, pofika Lachisanu adzakhala atatha.

Mawu ochepetsa kapena okuza amakhala pakati pa mneni wothandiza ndi *run*: *We have almost run out*, *We have completely run out*. *Fast* amapita kumapeto: *Supplies are running out fast*. Chikatsala pang'onong'ono ndi *about to run out*. Chikamangothaitha ndi *We keep running out of chalk*.

5. Samalani ndi dzina lobwera pambuyo pa *of*

Dzinalo likhale losawerengeka, monga *water*, *money*, *time*, *paper*, kapena lochuluka, monga *eggs*, *candles*, *ideas*. Chinthu chimodzi sichingatapidwe pang'onopang'ono, ndiye *run out of an egg* sizimveka. Musawonjezere *s* pa mayina osawerengeka: *fuels*, *moneys* ndi *airtimes* ndi zolakwika pano. Kawirikawiri *the* safunika: *We ran out of salt*. Muikeni pokhapokha mukusiyanitsa mtundu wina wake: *We ran out of the blue paint, but we still have the white*.

Mukafuna kunena kuti zochita kapena zonena zakutherani, dzina libwere kaye, mneni pambuyo: *I ran out of things to say*. Osati *I ran out of saying*.

6. Mafunso ndi kukana

Pofunsa za chinthu chimene chatha, *of* amatsalira kumapeto, ndipo apa ndi pololedwa chifukwa dzina lake lasamukira kutsogolo ngati *what*: *What have we run out of?* Chimodzimodzi *This is the medicine we ran out of*. Ophunzira ambiri amamuchotsa poganiza kuti akukongoletsa chiganizo, koma akachoka chiganizo chimapunduka. Mafunso ena ndi osavuta: *Have you run out of data?* *When did it run out?* *How soon will it run out?* Pokana: *We haven't run out yet*, *It didn't run out*.

7. Zindikirani matanthauzo ena kuti asakusokonezeni

Tanthauzo lachiwiri lofunika ndi kutha kwa nthawi ya chikalata kapena pangano: pasipoti, viza, chilolezo chogwirira ntchito, inshuwalansi ya galimoto, kontirakiti, lendi. *My permit runs out in March.* Apa *run out* ndi *expire* ndi amodzi, kungoti *expire* ndi wa pa mafomu ndi m'makalata a boma. Kwa amene muli kunja, ili ndi tanthauzo limene mudzalimva kwambiri.

Koma pa mankhwala ndi zakudya awiriwa amasiyana kotheratu, ndipo kuwasokoneza nkoopsa. *The medicine has run out* ndi kuti mankhwala atha, palibe. *The medicine has expired* ndi kuti mankhwala alipo koma atha mphamvu, tsiku lolembedwa pa botolo ladutsa. Bandulo nayo ili ndi kutha kuwiri: *My bundle has run out* kawirikawiri ndi kuti mwaigwiritsa ntchito yonse, pamene *My bundle has expired* ndi kuti masiku ake akwana ngakhale munali musanaimalize.

Lachitatu ndi lija lothamanga kutuluka: *The children ran out of the classroom*. Chokuthandizani kuzindikira ndi dzina lotsatira. Likakhala la malo ndipo lili ndi *the*, ndi kuthamanga. *We ran out of the room* ndi kuti tinatuluka m'chipinda chothamanga. *We ran out of room* ndi kuti malo anatithera. Ka *the* kokhako kasintha zonse.

*Run out on* ndi kuthawa munthu amene amadalira iwe: *He ran out on his family*, anathawa banja lake nkulisiya pamavuto. Samalani ndi *on* ndi *of* polemba, chifukwa kulakwitsa chilembo chimodzi apa kukhoza kunyozetsa munthu.

Pa masewero a kiriketi, amene abale a ku Zimbabwe, South Africa ndi Britain amawaona kwambiri, mudzamva kuti *he was run out*. Ndi njira ina yotulutsira womenya mpira pamene akuthamanga pakati pa zigoli ziwiri za timitengo asanafike pa mzere. Kumeneko msintho wochitidwa ndi wololedwa, koma musautengere ku shuga.

Pali zining'a ziwiri zoyenera kuzidziwa. *Run out of steam* ndi kufooka, kutha mphamvu kapena chidwi ntchito ili mkati. *His luck ran out* ndi kuti mwayi wake unathera pomwepo, amanena za munthu amene wakhala akupulumuka kangapo kenako nkugwidwa.

8. Abale ake a *run out*, ndi pamene amaposa iye

*Run low* ndi kuchepa, chinthu chisanafike pa ngozi yeniyeni, ndipo amayenda ndi *on*: *We are running low on charcoal*. *Run short* ndi kupelewera pa mlingo wofunika, ndipo amayenda ndi *of*: *We ran short of chairs*, mipando inalipo koma sinakwanire anthu onse. Lowezani atatuwa pamodzi ngati nyimbo: *low on*, *short of*, *out of*. Mafunso osankha yankho amakonda kutchera msampha pa timawu timeneti.

*Be out of* amanena mmene zinthu zilili osati mmene zafikira pamenepo: *We are out of bread*. Ndi wachidule ndipo pocheza amamveka bwino. *Out of stock* ndi wa m'sitolo ndipo amanena za katunduyo: *Cement is out of stock*. *Sold out* ndi kuti zatha chifukwa chogulidwa, monga matikiti a mpira. M'malipoti a zaumoyo mudzakumana ndi dzina loti *stock-out*, limene ndi nthawi imene mankhwala ena ake kulibe pa chipatala.

*Use up* ndiye mnzake wa "ndatha ndalama" uja. Amaloza chala amene wamaliza chinthucho: *You have used up all the hot water*. *Run out of* saloza munthu chala, amangonena kuti zachitika. Polembera abwana, kusiyana kumeneku nkofunika: *We have used up the fuel* akhoza kubweretsa funso loti mwapita nawo kuti, pamene *We have run out of fuel* ndi kungodziwitsa.

*Run dry* ndi *dry up* ndi a chitsime, mjigo, mtsinje ndi dambo, komanso ndalama za thandizo zikasiya kubwera: *The borehole has run dry*, *Funding has dried up*. Batire ya galimoto ndi *flat* kapena *dead*, ndipo foni ikazima chifukwa cha moto ambiri amangoti *My phone has died*. M'malipoti akuluakulu mudzaona *exhausted* ndi *depleted*. Musaganize kuti *run out* ndi wa pamsewu. Nyuzipepala ndi makalata a ku ofesi amamugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zambiri amamveka bwino kuposa mawu ataliataliwo.

9. Nanga *finished*?

*The sugar is finished* ndi mmene ambiri timayankhulira kuno, ku Zambia ndi m'maiko ena a mu Africa, ndipo pa msika wa Limbe kapena wa Chipata palibe amene angakufunseni kawiri. Si tchimo. Koma pa mayeso, pa IELTS (mayeso a Chingerezi amene ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja amalemba), ndi polembera munthu wa kunja, *has run out* ndiye wotetezeka. Chimene muyenera kupewa kotheratu ndi *I am finished with money* pofuna kunena kuti ndalama zakutherani, chifukwa *finished with* ndi kuthana nacho chinthu, kusachifunanso. *We have finished the sugar* ndi Chingerezi chabwino, koma tanthauzo lake ndi lakuti tamumaliza ndife.

10. Katchulidwe

Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, choncho *run* ndi *ran* m'makutu mwathu amamveka ngati liwu limodzi, ndipo nchifukwa chake *has ran* amatuluka m'cholembera mosavuta. Pa *ran* kamwa limatambasukira m'mbali, liwu lake lili pakati pa *a* ndi *e*. Pa *run* liwu ndi lalifupi, kamwa lomasuka. Ngati khutu likukanabe kusiyanitsa, polemba dalirani lamulo la gawo lachiwiri, osati khutu.

Mphamvu ya mawu ikhale pa *out*. *N* wa *run* alumikizane ndi *out*, ndipo *t* wa *out* alumikizane ndi *of*, atatuwo atuluke ngati liwu limodzi, popanda kuwonjezera *i* kapena *u* kumapeto kwa lililonse. *Of* amathera ndi liwu la *v* ndipo amatchulidwa mopepuka. *Off* wa *f* awiri ndi liwu lina: *run off* ndi kuthawa, ndipo *run out off* kulibe. Poti kwathu *l* ndi *r* amasinthana popanda kusintha tanthauzo, yesetsani kuti pa *r* wa Chingereziyu nsonga ya lilime isagunde kumwamba kwa kamwa.

11. Dziyeseni

Masulirani ziganizo zisanu ndi chimodzi izi musanaone mayankho. Sopo watithera. Makala anatha dzulo. Gulani mayunitsi asanathe. Minibasi inatha mafuta pa Zalewa. Pamene ankafika kutsogolo kwa mzere, chimanga chinali chitatha. Pasipoti yanga ikutha mwezi wa mawa.

Choyamba ndi *We have run out of soap*: munthu wabisala mu *-ti-*, ndiye *we* atsogole. Chachiwiri ndi *The charcoal ran out yesterday*, *ran* chifukwa cha dzulo, popanda *of* chifukwa makala ndiwo mwininkhani. Chachitatu ndi *Buy units before they run out*, popanda *will*. Chachinayi ndi *The minibus ran out of fuel at Zalewa*. Ngati munayamba ndi *fuel* nkuika *minibus* pambuyo pa *of*, mwabooletsa thanki, bwererani ku gawo lachitatu. Chachisanu ndi *By the time she reached the front of the queue, the maize had run out*. Chomaliza ndi *My passport runs out next month*, kapena *expires* ngati mukulembera ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Amene mwalemba *is running out next month* akumvani ndithu, koma poti tsikulo ndi lodindidwa kale m'bukumo, *runs out* ndiye woyenera.